PHUNZIRO LA AMAYI: WAGANYU AKAIMA PAKHOMO PATHU

Malemba oti tiwerenge tisanayambe: Deuteronomo 24:14-15, Rute 2, Mateyu 20:1-16, Yakobo 5:4.

Mau oyamba

Phunziro la mwezi uno likukamba za munthu amene tonsefe timamudziwa nkhope, koma dzina lake ambiri sitilidziwa. Ndi uja amafika m'mamawa khasu lili paphewa, n'kuima kunja kwa mpanda akuti, "Odi kuno amayi, palibe kaganyu?" Nthawi zina ndi bambo, nthawi zina ndi mayi wobereka mwana, ndipo masiku ano timaonanso anyamata oti akanakhala m'kalasi.

Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri kuno ku Thyolo ndisanapume. Anthu a ganyu ndawasambitsa mabala, ndawabayapo jakisoni, ndipo ena ndinawatseka maso popanda m'bale ndi mmodzi yemwe pambali pawo. Komanso ine mwini ndimalemba aganyu m'munda mwanga monga mmene ambiri a inu mumachitira. Choncho phunziroli likundikhudza ine poyamba. Ndikupempha kuti muliwerenge pang'onopang'ono, mtsogoleri aziima pamutu uliwonse kuti amayi alankhulepo.

1. Zimene zimaoneka pageti m'mamawa

Amene munadutsapo msewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe mpaka pa boma la Thyolo kunja kusanache bwino m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, mwaona anthu akuyenda m'mbali mwa msewu mwandawala. Ena amalowera kumageti a maesiteti kukamva ngati kapitawo akulemba anthu otchola tiyi. Ena amakakhala pamsika kudikira galimoto yoti atsitse katundu. Enanso amayenda khomo ndi khomo kufunsa ndime yopalira.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ya usiku ndinadutsa pageti la esiteti ina. Panali chigulu cha anthu, ena atafunda matumba chifukwa cha nkhungu. Kapitawo anatuluka ndi buku, nawerenga maina ochepa, n'kutseka geti. Otsalawo sanachoke msanga. Anangoima pomwepo ngati kuti getilo litsekukanso. Mayi wina anandiuza kuti ananyamuka kwawo tambala woyamba asanalire, ndipo kunyumba anasiya ana atatu atawalonjeza kuti abwera ndi ufa. Ndinamufunsa kuti tsopano apita kuti. Anati, "Amayi anamwino, kubwerera manja lende sindingathe. Ndiyenda mpaka ndipeze wondipatsa ndime, kaya ya madeya."

Mayi ameneyu sanali waulesi, ndipo sanali wopemphetsa. Anali ndi mphamvu ndi khasu, chimene chinasowa ndi womulemba.

2. Aganyuwa amachokera kuti?

Kuti timvetse bwino, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Tiyi anayamba kulimidwa ngati mbewu ya malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo anafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, inayamba mu 1923. Maina monga Naming'omba, Conforzi, Makandi, Nchima ndi Mianga takula tikuwamva. Nthaka yabwino yambiri inapita kumaesiteti nthawi ya atsamunda, ndipo anthu anatsala ndi timinda ting'onoting'ono m'mapiri ndi m'zigwa.

Manja amene anatsegula minda imeneyi ambiri anali a alendo. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri anaoloka kuchokera ku Mozambique pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno analibe malo, choncho anakhala pamalo a azungu n'kumalipira lendi ndi thukuta lawo. Imeneyi ndiyo inkatchedwa thangata. Nkhanza za thangata ndi zina mwa zimene zinapsetsa mtima John Chilembwe mu 1915, ndipo mu 1953 kuno ku Thyolo kunabuka chipolowe chimene nkhani ya malo ndi thangata inali pakati pake. Thangata inathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Kenaka kunabwera nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha ndi mgwirizano wa ku Rome mu 1992. Pa nthawiyo dziko lathu linasunga anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri anabwerera kwawo, ena anakwatira kapena kukwatiwa konkuno. Mpaka lero anthu amaoloka Ruo kapena kudzera pa Muloza kuchokera cha ku Milange kudzafuna ganyu, monganso athu amapita kutsidya kukalima ganyu wa chimanga ndi chinangwa njala ikavuta. Ena amachokera ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Amayi anzanga, ambiri a ife tikafufuza bwino tipeza kuti agogo athu anafika kuno atasenza kamtolo pamutu. Tikamanena kuti "anthu obwerawa", tizikumbukira kuti ndife zidzukulu za obwera.

3. N'chifukwa chiyani achuluka chotere?

Pali zifukwa zingapo zimene zakumana pamodzi.

Choyamba ndi kuchepa kwa malo. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000. Munda umene agogo ankalima okha lero wagawidwa kwa ana ndi zidzukulu, ndipo chimene banja limakolola sichifika Disembala.

Chachiwiri ndi kayendedwe ka ntchito ya tiyi. Tiyi amaphuka kwambiri ndi mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Nthawi imeneyi maesiteti amafuna manja ambiri otchola, ndipo malipiro amatsata makilogalamu amene munthu wapereka pasikelo. Chilimwe chikafika masamba amachepa, antchito a nyengo amauzidwa kuti akapume. Amene anachokera kutali ena sabwerera kwawo chifukwa ndalama ya ulendo yatha, choncho amasanduka aganyu a m'midzi ndi m'misika.

Chachitatu ndi kugwa kwa chuma. Tiyi wathu amagulitsidwa kunja, wina kudzera pamsika wa okushoni ku Limbe, choncho mtengo wake umatsata zochitika m'maiko akutali. Izi sizinayambe lero. M'zaka za m'ma 1930 chuma cha dziko lonse lapansi chitagwa, mitengo ya tiyi inatsika mpaka maiko akuluakulu olima tiyi anapangana mu 1933 kuti achepetse tiyi wotumiza kunja. M'masiku athu ano tinaona kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja mu 2011, kugwa kwa kwacha mu Meyi 2012, mliri wa Covid-19 mu 2020, ndiponso kugwa kwina kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwacha ikagwa feteleza amakwera, ndipo amene ankalemba aganyu asanu amalemba awiri.

Chachinayi ndi masoka a nyengo ndi matenda a mbewu. Thyolo inkadyetsa nthochi mzinda wa Blantyre, koma matenda a chisaka anapululutsa minda yambiri ya nthochi, ndipo mabanja anataya ndalama imene ankadalira chaka chonse. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi nyumba m'maboma akummwera kuno. Chaka chotsatira, 2024, kunagwa ng'amba mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Chachisanu, njira zakale zopezera ndalama kunja zinatsekeka. Azibambo athu ankapita ku Wenela ndi ku TEBA, koma kulemba anthu a kumigodi kunaima mu 1988. Amene amapita ku Joni masiku ano amapita paokha, ndipo ambiri amakakhalanso aganyu oima m'mphepete mwa misewu kudikira galimoto yoti iwatenge. Mu 2008 ndi mu 2015 ena anabwerako pa mabasi atathamangitsidwa, katundu yense atasiya komweko.

Taonani chitsanzo chimodzi cha mmene zinthu zinathinira. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pamwezi. Kumayambiriro kwa 2025 thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 linadutsa K80,000 m'misika yambiri yakummwera kuno. Ngati wolembedwa ntchito mwezi wathunthu ankangokwanitsa thumba limodzi, nanga uja wopeza ganyu masiku awiri pasabata ankadya chiyani?

4. Mmene ganyu amadyera mwini wake

Ganyu amapulumutsa lero, koma kawirikawiri amaononga mawa. Miyezi imene munthu amafuna ganyu kwambiri, Disembala mpaka Febuluwale, ndi yomweyo imene munda wake ukufuna kupalira ndi kubandira. Amasiya udzu ukumeza chimanga chake kuti akapalire cha wina. Pokolola apeza zochepa, ndipo chaka chamawa njala imufikira msanga kuposa chaka chino. Choncho amayambanso ganyu mofulumira.

Komanso ofuna ganyu akachuluka mtengo wa ndime umatsika. Munthu wanjala sakambirana mtengo. Ukamuuza kuti, "Ngati sukufuna pita, ena abwera," amangoweramira pansi n'kuyamba kulima. Amene amalipira ndi chakudya nawonso amachepetsa mbale chimanga chikakwera.

Ganyu akasowa pamabwera katapila. Munthu amakongola ndalama yoti abweze ndi chiwongola dzanja chachikulu pakutha pa mwezi, ndipo tsiku la malipiro wokongoza amakhala ataima kale pageti. Ena amagulitsa chimanga chili m'munda, ena ndiwo zamasamba ndi nandolo zisanakhwime, ena amabwereketsa munda weniweniwo. Apa mpamene banja limasanduka la aganyu mpaka kalekale.

Mlendo ndiye amavutika koposa. Wapamudzi akaberedwa malipiro ali ndi amalume ake ndi amfumu oti akadandaulire. Wochokera kutsidya amaopa kuti akalankhula amufunsa mapepala. Kukasowa nkhuku m'mudzi, woyamba kulozedwa chala ndi iyeyo.

5. Zimene ndinaona kuchipatala

Pano ndilankhule ngati namwino. Waganyu sadwala msanga, kapena ndinene kuti savomera msanga kuti wadwala, chifukwa tsiku limene wagona ndi tsiku limene ana agona ndi njala. Amafika kuchipatala matenda atakula.

Mabala. Khasu, chikwakwa ndi chikwanje zimadula mapazi ndi manja. Ambiri amathira dothi, phulusa kapena mafuta a galimoto pabala. Zimenezi n'zoopsa chifukwa zimabweretsa kafumbata. Bala litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, limangidwe ndi nsalu yoyera, ndipo munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Malungo ndi chibayo. Aganyu ochokera kutali amagona m'makhonde a masitolo, m'zisakasa za pamsika kapena anthu asanu ndi atatu m'kachipinda kamodzi, opanda neti, ndipo amagwira ntchito mvula ili pamsana. Kutentha thupi kukayamba akayezetse magazi, asamangomwa panado wa pagolosale.

Chifuwa chachikulu. Munthu akatsokomola masabata awiri, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akapereke makhololo. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma ndipo amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Vuto la aganyu ndi lakuti akayamba kupeza bwino amasamuka kutsata ntchito n'kusiya mankhwala panjira.

Mankhwala otalikitsa moyo. Thyolo ndi limodzi mwa maboma oyambirira kugawa ma ARV kwa anthu ambiri, kuyambira 2003 mothandizidwa ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, ndipo boma linayamba kuwagawa ulele m'dziko lonse mu 2004. Tinaona anthu oti tinawataya mtima akudzuka n'kugwiranso khasu. Koma ndimakumbukira bambo wina wochokera kutsidya amene anafika kwa ife atafookeratu. Mankhwala anamuthera ali paganyu, ndipo anaopa kubwera kuchipatala poganiza kuti timubweza chifukwa si wakuno. Anakhala miyezi ingapo osamwa. Tinachita zimene tikanatha, koma anatisiya, ndipo panatenga masiku kuti abale ake amve. Chonde auzeni onse kuti munthu woyenda asasiye buku lake la kuchipatala. Mankhwala akatsala pang'ono apite nalo kuchipatala chapafupi akafotokoze, ndipo ngati akhalitsa apemphe kalata yosamutsira.

Kutsekula m'mimba ndi kolera. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Waganyu amamwa madzi alionse amene wapeza pafupi ndi munda. Wotsekula m'mimba apatsidwe Thanzi wosungunula mu lita imodzi ya madzi oyera, azimwa pang'onopang'ono ali paulendo wopita kuchipatala.

Njala yeniyeni. Ndaonapo anthu akukomoka m'munda chifukwa anayamba ndime m'mimba muli gwaa. Ndaonanso mabanja ataledzera ndi kalongonda kapena chinangwa chowawa chimene sanachikonze mokwanira chifukwa ana sakanatha kudikira.

6. Amayi ndi ana paganyu

Pali nkhani ina imene timaichitira manyazi, koma tiyenera kuinena. Ntchito ikachepa ndipo ofuna achuluka, amene wagwira buku la maina amakhala ndi mphamvu yaikulu. Ena mwa oterewa amauza mayi kuti dzina lake lilembedwa pokhapokha agone naye. Mayi wosiyidwa ndi ana, kapena mlendo wopanda womuyankhulira, amagwa mumsampha umenewu, ndipo pambuyo pake ife tomwe timamunena kuti ndi wachiwerewere.

Izi si mphekesera ayi. Mu 2021 kampani ina ya ku Britain yokhala ndi minda ya tiyi kuno inagwirizana zolipira amayi 36 a ku Malawi amene anakasuma kukhoti ku London pa nkhani za nkhanza zotere, ngakhale kuti kampaniyo sinavomere mlandu. Lamulo lathu loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 limaletsa mchitidwe umenewu pantchito. Bungwe la antchito a m'minda la PAWU ndi bungwe la eni minda ya tiyi anasainirana mgwirizano wawo woyamba wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito mu 2016, choncho wolembedwa paesiteti ali ndi kokadandaula. Koma waganyu wa m'mudzi alibe bungwe. Bungwe lake ndife.

Mayi kapena mtsikana akagwiriridwa, aperekezedwe kuchipatala msanga, asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV ndi chithandizo china. Kenaka nkhani ipite kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Musalole kuti ithere pakhonde ndi nkhuku kapena kandalama.

Za ana, lamulo la zantchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso limaletsa kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18. Komabe timaona ana akusenza njerwa, akupalira ndime ndi kugulitsa zitumbuwa nthawi ya sukulu. Tidzifunse: kodi kamtsikana kamene tinakatenga kumudzi kuti kazitilerera mwana kali ndi zaka zingati, ndipo kali sitandade chiyani?

7. Malemba akutiuza chiyani?

Mu Deuteronomo 24 Mulungu akulamula kuti wolembedwa ntchito amene ali wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, kaya ndi m'bale kaya ndi mlendo, chifukwa moyo wake ukudalira malipirowo. Onani kuti lamuloli likutchula mlendo mwachindunji. Yakobo 5:4 akuchenjeza kuti malipiro amene eni minda anamana okolola amafuula, ndipo kulirako kumafika kwa Ambuye.

Rute anali mkazi wamasiye wa ku Moabu, mlendo wokunkha m'munda wa mwini. Taonani zimene Boazi anachita. Anafunsa kuti mayiyo ndi ndani. Analetsa anyamata ake kumuvuta. Anamulola kumwa madzi a antchito, anamuitana pa chakudya, ndipo anauza okolola kuti azimusiyira dala ngala zina. Sanamupatse zaulele zomuchotsera ulemu, koma anaonetsetsa kuti thukuta lake limupindulire ndipo thupi lake litetezedwe.

Mu Mateyu 20 Ambuye Yesu akusimba za mwini munda amene anapita kumsika kangapo pa tsiku limodzi kukalemba antchito. Madzulo ndithu anapezabe ena ataima, ndipo atawafunsa anayankha kuti palibe amene anawalemba. Ndikawerenga pamenepa ndimaona anthu aja pageti m'nkhungu. Mwini munda anawapatsa malipiro a tsiku lathunthu. Fanizoli likunena za chisomo cha Mulungu, komabe likutionetsanso kuti Ambuye ankawadziwa bwino anthu oima pamsika, ndipo ankadziwa kuti mwana wa wolembedwa madzulo amamva njala chimodzimodzi ndi mwana wa wolembedwa m'mawa.

8. Tidziyang'ane tokha

N'kosavuta kuloza chala maesiteti ndi boma. Koma aganyu ambiri a m'midzi mwathu salembedwa ndi kampani. Amalembedwa ndi aphunzitsi, anamwino, amalonda ndi akuluakulu a mpingo, ndiye kuti ife.

Ndiulule changa. Chaka china ndinalemba mnyamata wa ku Phalombe kuti andipalirire munda. Anamaliza Lachisanu madzulo. Ndalama ndinali nayo, koma ndinkafuna ndikagulire nsalu ya mwambo wina Loweruka, choncho ndinamuuza kuti abwere Lolemba. Anangoti, "Chabwino amayi," n'kumapita. Lolemba sanabwere. Anatulukira Lachitatu, maso ali m'kati. Mwana wake anadwala malungo usiku wa Loweruka, analibe ya kabaza, ndipo iye ndi mkazi wake anamubereka wapansi mtunda wautali kupita kuchipatala. Mwanayo anachira, tithokoze Mulungu. Koma ine namwino, wodziwa mmene malungo amathamangira mwa mwana, ndinasunga m'chikwama ndalama yomwe ikanamufikitsa msanga. Nsalu ija ndikaiona mpaka lero mtima umandiluma. Kuyambira pamenepo sindiitana waganyu ndisanaike malipiro ake pambali.

Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri tili ndi ana ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Lilongwe amene m'mawa uno aima pakhomo pa munthu kupempha ganyu. Timapemphera kuti akumane ndi bwana wachifundo. Mayi wa mnyamata amene waima pakhomo panu akupempheranso chimodzimodzi.

9. Tingachite chiyani?

Sitingathe kukweza kwacha kapena kugawa malo, koma izi zili m'manja mwathu:

(a) Tigwirizane mtengo ndi kukula kwa ndime ntchito isanayambe, pamaso pa mboni ngati n'kotheka. Tisaonjezere mizere ntchito ili mkati.

(b) Tilipire tsiku lomwelo. Ngati ndalama palibe, tinene zoona poyamba kuti munthu asankhe yekha.

(c) Tisatsitse mtengo chifukwa taona kuti munthu wathedwa nzeru. Tidzifunse ngati ndalamayo ingagule ufa ndi ndiwo za banja tsiku limenelo. Polipira ndi chimanga kapena ufa, muyeso ukhale wodzaza, ndipo chisakhale chofumbwa chimene ife takana.

(d) Timupatse madzi abwino akumwa ndi kanthu kam'mimba asanayambe, kaya phala, kaya mbatata. Chakudyacho tisachichotsere pamalipiro.

(e) Timufunse dzina, kwawo ndi nambala ya m'bale wake. Akadwala kapena kuvulala tidziwe kouza.

(f) Tisalembe ana. Mwana akabwera kudzafuna ganyu nthawi ya sukulu, amayi awiri akayendere kwawo akaone chimene chavuta.

(g) Gulu lililonse lisankhe amayi awiri odziwa njira ya kuchipatala, kupolisi, kwa amfumu ndi ku ofesi ya leba pa boma, oti aziperekeza wovutika. Mlendo akakhala ndi womuperekeza amamvedwa msanga.

(h) Pokolola gulu lisonkhe chimanga, nandolo kapena chinangwa chouma, tisunge kuti chidzathandize mu Januwale ndi Febuluwale. Tiyambire amasiye ndi odwala, kuti apeze masiku opalira minda yawo.

(i) M'mabanki mkhonde athu tilandiremo amayi a ganyu, ngakhale masheya awo akhale ochepa, kuti asathamangire katapila.

(j) M'mudzi mukasowa kanthu, tisafulumire kunena mlendo popanda umboni. Ndipo mlendo akamwalira pakati pathu, tithandizane ndi amfumu kufufuza abale ake ndi kumuika mwaulemu.

Mutu umodzi susenza denga. Mayi mmodzi akamalipira bwino yekha anzake amamunena kuti akuononga mitengo, koma gulu lonse likagwirizana mudzi umasintha.

Mafunso okambirana

1. Kodi makolo anu anafika liti kudera limene mukukhala, ndipo anawalandira ndani?
2. Kwanuko ndime yopalira ikulipidwa bwanji chaka chino? Ndalamayo ingagule chiyani pamsika?
3. Munayamba mwachedwetsapo malipiro a waganyu? Chinachitika n'chiyani?
4. Mwa zinthu zimene Boazi anachitira Rute, n'ziti zimene gulu lathu lingayambe mwezi uno?
5. Mayi atabwera kwa inu mwachinsinsi kuti wolemba ntchito akumufuna chigololo, mungamuthandize bwanji kuyambira pa tsiku loyamba?

Ntchito ya mwezi uno: mayi aliyense adziwe dzina ndi kwawo kwa waganyu mmodzi wa m'dera lake, ndipo pamsonkhano wotsatira tidzawapempherere powatchula maina.

Pemphero

Atate wachifundo, tikuika m'manja mwanu onse amene adzuka lero osadziwa kumene chakudya chichokere: oima pamageti, oyenda khomo ndi khomo, ndi ana athu amene ali m'maiko a eni. Tikhululukireni pamene tinachedwetsa malipiro, pamene tinachepetsa muyeso, ndi pamene tinanyoza mlendo. Patsani nzeru atsogoleri a dziko ndi eni minda kuti wantchito adye thukuta lake. Tipatseni ife manja oongoka ndi mtima wolandira alendo. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.